Zithunzi za mu labu zikutuluka bii pa pulinta yopanda kala, ndipange bwanji?

Tiya_waku_Chitawira, Lolemba 8:14 usiku

Mwaswera bwanji nonse muno. Chonde amene mumadziwa za makompyuta ndi mapulinta ndithandizeni, mutu waima.

Ndili chaka chomaliza, ndikupanga za labu, ndipo pulojekiti yanga ikufunika Lachisanu likubwerali, makope atatu omanga. Nkhani yake ndi ya TB, ndimafanizira njira ziwiri zoyezera makhololo, ya Ziehl-Neelsen (ZN) ija tizilombo timaoneka tofiira pamwamba pa buluu, ndi ya auramine imene timawala ngati ziphaniphani mumdima. Nde muli zithunzi 12 zojambula pa maikulosikopu kuphatikiza magilafu 4 a mu Excel.

Lero ndinapita pa kashopu kena kukayesa masamba ochepa, pulinta yake ndi ya leza ya tona wakuda yekha, poti ya kala makope atatu ndalama yake sindingaikwanitse. Zimene zatulukazo ndinafuna kulira. Za ZN tizilombo tasowa, chithunzi chonse changoti mbuu ngati phulusa, sungaloze kuti kachilombo ndi aka. Za auramine nde zinayamba kuvuta ndisanafike nkomwe ku shopu, mafayilo ake ndi a .tif ndipo ndikawaika mu Word amangooneka kabokosi kakuda bii, chonsecho pa kompyuta ya ku labu zimaoneka bwinobwino. Ndinachita kujambula sikilini ya ku labu ndi foni nkuikamo zimenezo, papepala chatuluka chigamba chakuda tona mpaka kumatsalira mzala. Magilafu nawo mzere wofiira ndi wobiriwira zafanana, sungadziwe uwu ndi uti.

Mnyamata wa pashopupo anati ndisinthe zonse zikhale JPG, mnzanga wa mkalasi akuti ayi PNG, wina akuti PDF basi. Ine ndisinthire ku chani? Kapena vuto si fomati nkomwe? Kushopuko zithunzi zina ndinawatumizira pa WhatsApp, kaya zili ndi kanthu kaya.

CheMapulinta_Limbe, Lolemba 8:51 usiku

Achemwali pepani. Ine ntchito yanga ndi yomweyi ya kupulinta ndi fotokope kuno ku Limbe, ndipo ikafika nyengo ya mapulojekiti ana asukulu amabwera ndi dandaulo lomweli. Za tizilombo tanuto ayankha ena, ine ndikuuzani za makinawo.

Mudziwe kaye kuti pulinta ya leza ilibe mtundu wotuwa. Ili ndi ufa wakuda basi, pamalo pamagwa kadontho kapena sipagwa kanthu. Chimene inu mumaona ngati kutuwa ndi timadontho tambirimbiri tondondozana, pofunika mdima timakula mpaka kugundana, pofunika kuwala timachepa. Tengani pepala lanu la lerolo muyang'ane ndi kamera ya foni mutakokera pafupi, muona ngati sefa ya ufa. Nde chithunzi chimene mbali yaikulu ndi yakuda kale timadontho timangolumikizana nkukhala phala, tizinthu tating'ono towala timamira momwemo. Nchifukwa chake chija chojambula pa sikilini chatero, ndipo eni shopu sakondwanso nazo zimenezo chifukwa tsamba limodzi lotero limadya tona wa masamba ambiri a mawu.

Za WhatsApp zili ndi kanthu ndithu. Mukatumiza ngati chithunzi wamba imachifinya nkuchichepetsa kuti chisadye bandulo, chimafika kwa ife chitatha kale. Muzitumiza ngati Document, kapena bwino kwambiri mubwere ndi PDF imodzi yomalizidwa pa fulashi. Musabweretse fayilo ya Word, pa kompyuta ya pashopu masamba amasuntha, tebulo limadumphira tsamba lina inu muli pa mzere anthu akudikira.

Mukafika muwafunse kuti atseke zosunga tona, pa mapulinta a HP amalemba EconoMode, ena amalemba Toner Save. Mashopu ambiri imakhala yoyatsa nthawi zonse, pa mawu siioneka kwambiri koma pa zithunzi imayeretsa zonse. Ngati makina awo amafika 1200 dpi (madontho pa inchi imodzi) asankhe imeneyo mmalo mwa 600. Komanso ichi musaiwale, makope onse atatu atuluke mu pulinta. Musalole zoti apulinte imodzi ziwiri zinazo apange fotokope, fotokope ikajambula timadontho tija imaikanso ake pamwamba, chithunzi chimada komanso chimatuluka mizeremizere ngati chitenje. Pa masamba a mawu okha fotokope ilibe vuto, ndi yotchipa, koma a zithunzi ayi.

Pepala likhale la 80 gsm louma, lochokera mu rimu yotsegula kumene. Lokhalitsa pa shelefu nthawi ya chiperoni limamwa chinyontho tona sagwira bwino.

Joe_wa_Bangwe, Lolemba 9:03 usiku

Sisi mukudzivutitsa ulere apa. Masamba a zithunzi okhawo pulintani mu kala, enawo black and white, pomanga angophatikiza. Ife tinkatero.

Tiya_waku_Chitawira, Lolemba 9:20 usiku

A Che zikomo kwambiri, za EconoMode sindimadziwa nkomwe, ndayang'ana ndi foni timadontho taonekadi.

Achimwene a Joe ndinaganizako zimenezo, koma masamba a zithunzi ndi magilafu alipo 11, kuchulukitsa katatu ndi 33, ndiye pali kumanga, transipoti, ndalama imene ndatsala nayo siifika. Komanso olo nditapeza ya kala, za auramine zija zikhalabe bii poti pa laputopu pompano zili bii.

Mdala_wa_Labu, Lolemba 10:37 usiku

Mayi Tiya, ndagwira mu labu zaka zambiri ndipo ndinavutikapo ndi zomwezi, ndiye mundilole ndilembe motalika. Funso lanu loti JPG kapena PNG ndi lomalizira. Choyamba nchoti pamene mwapereka chithunzi cha mitundu ku pulinta yopanda kala, makinawo ndi amene akukusankhirani kuti chofiira chikhale chotuwa bwanji, buluu akhale wotuwa bwanji, ndipo iwo sadziwa kuti inu mukufuna tizilombo. Musinthe nokha pa laputopu, muone ndi maso anu, kenako mupereke chinthu choti pulinta ingosindikiza osaganiza.

Pezani pulogalamu yotchedwa ImageJ, ndi yaulere, inachokera ku National Institutes of Health ku America ndipo anthu a sayansi akhala akuigwiritsa ntchito kuyambira 1997. Ilipo ina yaikulu yotchedwa Fiji, ndi yomweyo koma anaikamo zambiri, imeneyo imafunika ngati mafayilo anu ndi a .czi a Zeiss kapena .nd2 a Nikon. Anu ndi .tif ndiye tengani ImageJ wamba musaononge bandulo.

Ndiyambe ndi za auramine. Mafayilowo sanaonongeke ayi. Chithunzi wamba chimene Word anazolowera ndi cha 8-bit, kuchoka pakuda kufika poyera pali masitepe 256. Makamera a pa maikulosikopu ambiri amajambula 12-bit, masitepe 4096, koma posunga amaika mu fayilo ya 16-bit imene malo ake amafika 65,536. Ganizani ndowa ya malita 20 mwathiramo madzi a lita imodzi ndi pang'ono, woyang'ana patali anena kuti mulibe kanthu. Pulogalamu yosadziwa imaona nambala zonse zili pansi penipeni nkuonetsa mdima, pamene ya ku labu imatambasula yokha. Umu ndi mmene zimakhalira nthawi zambiri, ndipo mukatsegula mu ImageJ mudzaona tizilombo tanu tabwera pomwepo.

Mukatsegula pitani Image, Adjust, Brightness/Contrast. Musangomenya Auto pa chithunzi chilichonse, chifukwa Auto imakoka chilichonse pachokha ndiye silaidi ya tizilombo tochepa ndi ya tambiri zidzaoneka ngati zikuwala mofanana. Sankhani chithunzi chimodzi chabwino, onani nambala ziwiri za pansi ndi pamwamba zimene zikukomera, mudinde Set, ndipo nambala zomwezo muziike pa zithunzi zonse za auramine. Zilembeni papepala mudzazifuna. Kenako Image, Type, 8-bit. Apa ndi pamene pali kusintha kwenikweni kumene mumafunsa, ImageJ imatenga zimene mukuona pa sikilini nkuziika mmasitepe 256 aja. Mukatero Edit, Invert. Mdima uja usanduka woyera, tizilombo tisanduka takuda ngati timitengo ta machesi togwera pa nsalu yoyera. Pulinta ya leza imachita bwino kwambiri ndi zakuda zochepa pa pepala loyera, ndipo a Che a ku Limbe sadandaulanso za tona.

Tsopano za ZN, apa ndi pokoma. Chofiira chija ndi carbol fuchsin, buluu uja ndi methylene blue. Maso athu amasiyanitsa chifukwa cha mtundu, koma mukachotsa mtundu kuwala kwake kumayandikana, mapulogalamu ambiri amangosakaniza pafupifupi magawo 30 pa 100 a chofiira, 59 a chobiriwira ndi 11 a buluu, zonse nkukhala mbuu ngati mwaoneramo. Koma chithunzi cha kala ndi zithunzi zitatu zosanjikizana, ndipo mutha kuzilekanitsa. Image, Color, Split Channels, patuluka mawindo atatu onse otuwa, olembedwa red, green ndi blue. Yang'anani la green. Fuchsin imameza kuwala kobiriwira, choncho muwindo limenelo tizilombo timada, pamene methylene blue imameza kwambiri kuwala kofiira ndiye mu green imapepuka. Mukaona la red ndi zosemphana, tizilombo timazimirira mafinya ndi maselo nkuda. Ndiye tengani la green, enawo tsekani osasunga. Ngati silaidi munaithira buluu wambiri kusiyanako kuchepa koma kukhalabe bwino kuposa za lero. Njira yomweyi imathandizanso pa ma silaidi a malungo a Giemsa, amene akuwerenga muli ndi ntchito yoteroyo yesani.

Chikamaoneka bwino pa sikilini muchiwalitseko pang'ono kuposa mmene mukufunira, pepala limadetsa. Kumbuyo kwa tizilombo kukhale kotuwa mopepuka.

Ikaninso kamzere koonetsa kukula, Analyze, Tools, Scale Bar. Musadalire kulemba x1000 pansi pa chithunzi chifukwa mukachikoka kapena kuchichepetsa mu Word nambalayo yanama, pamene kamzere kamakula limodzi ndi chithunzi. Kachilombo ka TB kutalika kwake ndi ma micrometre 2 mpaka 4 ndiye kamzere ka 10 kakwana. Koma kamzereko kamafuna kuti sikelo ikhale yoona, ngati fayilo ilibe, funsani a mu labu chithunzi cha stage micrometer, kasilaidi kokhala ndi timizere ta muyezo ngati rula, pa lenzi yomweyo muike pa Analyze, Set Scale. ZN munaona pa lenzi ya 100 ya mafuta, auramine mwina pa 40, ndiye sikelo ndi ziwiri zosiyana musasokoneze. Pa bokosi la Scale Bar chotsani chizindikiro pa Overlay kuti kamzere kamatirire mu chithunzi, ndipo pa pepala loyera kakhale kakuda. Tizilombo tiwiri kapena titatu tilozeni ndi kamuvi, woyesa mayeso asachite kusaka.

Nde fomati. File, Save As, PNG. TIFF ya 8-bit ilinso bwino koma PNG Word sakangana nayo. JPG isiyeni, imataya tizinthu tating'ono nthawi iliyonse mukasunga ndipo mmbali mwa timizere topyapyala imasiya utsiutsi, chonsecho tizilombo tanu ndi timizere topyapyala tomweto. Musunge ndi dzina lina mu foda ina, mafayilo oyamba aja musawakhudze, akhale pa fulashi ina komanso pa imelo.

Chomaliza, onani maina a mafayilo ndi mmakona mwa zithunzi. Ngati pali dzina la wodwala kapena nambala yake ya mu rejisitala chotsani zisanapite ku shopu, kompyuta za pashopu aliyense amatsegula.

Tiya_waku_Chitawira, Lachiwiri 6:05 mmawa

Bambo Mulungu akudalitseni, sindinagone ndinadikira pakati pausiku kuti ndidawunilode. Ndatsegula .tif yoyamba tizilombo tonse tilipo!! Miyezi yonseyi ndimaganiza kuti ndinakopera molakwika. Ya green ija ndayesa pa zitatu, ziwiri zatuluka bwino kwambiri, chachitatu buluu anachuluka monga munanenera koma tikuoneka.

Koma pali chimene chikundidetsa nkhawa. Kutembenuza chakuda kukhala choyera, kutaya mitundu iwiri nkutsala ndi umodzi, kodi si kukonza zotsatira kumeneku? Supavayiza wanga ndi wosamala kwambiri, anatichenjeza kuti wogwidwa akuseweretsa zithunzi walephera. Ndikuopa kuti pa difensi angandifunse kuti auramine imaoneka yakuda pa choyera chiyambire liti.

NaPhiri_Sunnyside, Lachiwiri 7:48 mmawa

Mwanawe wafunsa bwino, ndipo ndasangalala kuti mantha amenewa uli nawo. Ine ndimaphunzitsa, ndawerengapo mapulojekiti ambiri, ndikuuze pamene pali malire.

Chimene wachita pa chithunzi chonse mofanana, monga kuwalitsa, kutembenuza, kutenga mtundu umodzi, ndi chololedwa bola unene. Magazini a sayansi amasindikiza zithunzi za fluorescence, zowala mumdima ngati za auramine zakozo, zotembenuzidwa kawirikawiri, ndipo anthu ambiri amazikonda chifukwa diso limaona bwino chakuda pa choyera. Choletsedwa ndi kugwira malo amodzi, kufufuta kachitsotso kamene kakukunyansa, kudetsa kachilombo kamodzi kuti kaoneke, kudula ka pa silaidi ina nkumata apa, kapena kukoka contrast mpaka tinthu tofooka ta kumbuyo tisowe kuti silaidi ioneke yoyera kuposa mmene inalili. Pa ntchito yakoyi pali msampha wina, ukufanizira njira ziwiri, ndiye ukakometsa kwambiri za auramine nkusiya za ZN zili mbuu owerenga aganiza kuti auramine yapambana chifukwa cha zithunzi. Zonse uzisamale mofanana. Ndipo nambala zako za mmatebulo zichokere pa zimene unawerenga pa maikulosikopu, zithunzi zapapepala ndi zongoonetsa chitsanzo.

Pansi pa chithunzi chilichonse ulembe mwachidule kuti chatembenuzidwa kuti chisindikizike bwino, kapena kuti ndi green channel yokha. Mu chaputala cha njira uwonjezere ndime imodzi, pulogalamu ndi ImageJ, nambala ziwiri zija a Mdala anati ulembe ndi izi, zinagwiritsidwa pa zithunzi zonse za auramine. Ukadzagwiritsa gamma, imene imawalitsa zapakati osakhudza mapeto, imeneyo uitchule payokha chifukwa siikoka mofanana.

Ndipo lero lomwe mutumizire supavayiza wako tsamba limodzi, choyamba ndi chosintha zili pambalipambali, avomere Lachisanu lisanafike. Pa difensi pa pulojekita uonetse za kala zenizeni. Ngati ungapeze ya tsamba limodzi lokha la kala pa kope iliyonse, malangizo a Joe aja si oipa, uike ZN imodzi ndi auramine imodzi mmene zimaonekera mu labu, masamba atatu basi mmalo mwa 33.

Mutu wako ndi wabwino, WHO inalimbikitsa maikulosikopu a LED fluorescence mu 2011 kuti alowe mmalo mwa ZN pang'onopang'ono, ndipo olo GeneXpert, makina aja oyezera TB, inabwera, ma labu ang'onoang'ono silaidi sanaisiye. Usaope.

Kondwani_Poly, Lachiwiri 12:26 masana

Sisi magilafu aja palibe wawakhudza nde ndigwirepo ine, kuno ku MUBAS timalimbana nazo zomwezi semesita iliyonse.

Gilafu musaisandutse chithunzi ayi, osapanga screenshot, osasunga JPG. Ikopeni mu Excel muipeste mu Word ili gilafu yomweyo, ikapita mu PDF imakhala mizere yeniyeni osati timabokosi, pulinta imaijambula ndi mphamvu zake zonse manambala amatuluka akuthwa. Mitundu ichotseni yonse. Dinani kumanja pa mzere, Format Data Series, wina ukhale wakuda wathunthu, winawo wakuda wodukaduka pa Dash type, muikenso ma marker osiyana, wina bwalo wina katatu. Ngati ndi ya mipiringidzo pitani pa Fill musankhe Pattern fill, wina mizere yopendekera wina woyera wa mpanda wakuda wina wakuda bii. Zotuwa ziwiri zoyandikana papepala zimakhala chimodzi. Mizere yopyapyala kwambiri yotuwa ija Excel amaika kumbuyo imatuluka yodukaduka chifukwa cha timadontho a Che anena, ichotseni kapena ikhale yakuda yopyapyala. Ndipo ngati mizere ndi iwiri yokha ingolembani dzina pambali pa mzerewo, munthu asamayendere kabokosi ka pambali.

Muonenso mawu anu mkati, ngati munalemba kuti mzere wofiira ukuonetsa zakuti musinthe, papepala kulibe wofiira. Ctrl+F musake red, green, blue.

Pa nkhani ya timadontho ndiwonjezere masamu pang'ono kuti musavutike kusaka zithunzi zazikulu. Pulinta ya 600 dpi ikafuna kupanga kutuwa imagawa pepala mtimabwalo, tinene ka madontho 8 mulitali 8 mulifupi. Kabwalo kotero kamatha kupereka mitundu ya kutuwa 65 yokha, ndipo pa inchi imodzi timakwana 75. Ikafuna timabwalo tating'ono kuti chithunzi chisaoneke sefa, masitepe a kutuwa amachepanso. Ndiye pa masitepe 256 a fayilo yanu papepala pafika ochepa kwambiri, nchifukwa chake a Mdala akuti kusiyana kukhale koonekeratu musanapite. Komanso zikutanthauza kuti 300 ppi, ndiye kuti ma pixel 300 a chithunzi pa inchi imodzi, ndi yokwana ndi kutsala. Chithunzi cha 15 cm mulifupi chimafuna ma pixel pafupifupi 1770, cha 8 cm pafupifupi 945. Ngati chanu nchaching'ono musachikulitse mu pulogalamu, ingochiikani chaching'ono papepala. Koma tizilombo tikakhala tating'ono kwambiri moti tikulingana ndi timabwalo tija titha kusweka, pamenepo bola kudula mbali imodzi ya chithunzi nkuionetsa yaikulu, kamzere ka sikelo kali pomwepo.

Word nayenso amafinya zithunzi mwakachetechete, amazitsitsira pa 220 ppi. Pitani File, Options, Advanced, pa Image Size and Quality muchonge Do not compress images in file, muchite zimenezi musanaike zithunzi zatsopanozo, ndipo muziika ndi Insert, Pictures osati kukoka kuchokera pena. Posunga PDF musankhe Standard osati Minimum size. Mukatha tsegulani PDF mukokere pa 300% muone ngati tizilombo tili takuthwa.

Kuti muone zonse mmene zikhalire musanalipire, pa Windows pali Color filters mu Settings, musankhe Grayscale sikilini yonse ikhala yopanda kala. Sizifanana ndendende ndi pepala koma zofiira ndi zobiriwira zobisala zimagwidwa pomwepo.

Joe_wa_Bangwe, Lachiwiri 1:10 masana

Mayi NaPhiri anena zoona, masamba atatu a kala ndi otheka. Sisi ngati muli pafupi ndi Ginnery Corner yendani mashopu awiri atatu mufunse mitengo, imasiyana, ndipo musapite Lachinayi madzulo kumakhala mzere wa anzanu onse magetsi akathima nde mwagwa nayo.

Tiya_waku_Chitawira, Lachitatu 4:32 madzulo

Ndabwera kudzanena mmene zayendera. Supavayiza ndinamutumizira tsamba lija dzulo, wayankha mmawa kuti zili bwino bola ndilembe pansi pa chithunzi chilichonse monga mayi NaPhiri ananenera, anawonjezanso kuti mafayilo oyamba ndiwaike pa fulashi ndipereke limodzi. Magilafu ndakonza onse anayi achimwene a Kondwani, ndinapezadi malo asanu pamene ndinalemba za mzere wofiira.

Ndapita pa shopu ina ndi PDF, ndinapempha tsamba limodzi loyesa kaye. Toner Save inali yoyatsadi, mayi wake anaitseka osavuta. Za auramine zatuluka bwino moti ndimatha kuwerenga tizilombo papepala, za ZN ziwiri zinadako pang'ono ndiye ndinakhala pabenchi pomwepo ndi laputopu nkuwalitsa zonse zisanu ndi chimodzi mofanana, kachiwiri zatuluka bwino. Nambala zatsopanozo ndasintha kale mu chaputala cha njira.

Chatsala chimodzi, a Che mwina mudziwa. Pa tsamba lililonse pali kamzere koyera kopyapyala kochoka pamwamba kufika pansi, chakumanja, pa mawu sikaoneka kwenikweni koma pa zithunzi kakudula pakati ndipo pa chimodzi kadutsa pa kamuvi kanga. Mu PDF mulibe. Sindinapulinte makope onse, ndaima kaye.

CheMapulinta_Limbe, Lachitatu 5:15 madzulo

Mwachita bwino kuima achemwali. Kameneko si fayilo yanu, ndi makina. Mzere woyera wotsika molunjika pamalo amodzimodzi tsamba lililonse kawirikawiri ndi tona amene watsala pang'ono kapena wakhala mbali imodzi, apo ayi kachitsotso katsekereza panjira ya leza kapena pa kabuledi ka mkati mwa katiriji. Auzeni atulutse katiriji aigwedeze pang'onopang'ono cham'mbali kangapo abwezeretse, ayese tsamba limodzi. Kakachoka pulintani masamba a zithunzi onse 33 nthawi yomweyo tona asanathenso, a mawu pambuyo. Kakakhalapobe musakakamire, masamba a mawu apangeni pomwepo poti mayiwo akuthandizani bwino, a zithunzi okhawo mupite nawo pena pamene katiriji ndi yatsopano, koma mutenge mapepala a rimu yomweyo kuti pomanga asasiyane kuyera. Masamba akatuluka muwasiye azizire kaye musanawasanjikize ndi kupanikiza, ndipo womanga mumuuze asadule mbali ya kumanzere mopyola, zithunzi za 15 cm pa A4 zimafika pafupi ndi msana.